Mzere wa Pamwamba pa Khutu

Lachiwiri m'mawa, mayi amene anthu ankangomuti Nautuchi anapeza kuti biti ya m'makina ake si imene anaikamo dzulo lake.

Nautuchi anali mmisiri wosema zithunzi zotumphuka pa matabwa, ndipo makina ake ankayendetsedwa ndi kompyuta. Mabiti, timipeni tija togoba thabwa, sankawasankha mwachisawawa. Yafulati inali yokumba, yobulungira yosalaza masaya ndi mphuno, yosongoka yolembera zilembo basi. Sabata imeneyo ankasema nkhope ya malemu mkazi wa dalaivala wina wa malole, amene anati mkaziyo anangodandaula mutu n'kutsirizika. Kusalaza nkhope kunkadya maola khumi, choncho makina ankawasiya akuyenda usiku.

Anasiya yobulungira, anapeza yosongoka. Nkhope inali see, koma pamwamba pa khutu lamanzere panali mzere wakuya, wokhota, umene pa chithunzi chimene dalaivalayo anapereka panalibe.

"Achimwene, munalowa muno?" Nautuchi anafunsa mlonda wa pamalopo.

"Ine ndi makiyi anu tinaonana kuti, achemwali?" Kenako mlondayo anatsitsa mawu. "Koma pakati pa usiku makina anakhala chete. Ndinamva sipanala."

Nautuchi anaika thabwa lina. Mabiti onse otsala anawakhomera m'dilowa, kiyi n'kupita naye kunyumba. Kutacha, dilowa inali chikhomere, yosongoka ili m'makina, mzere uli pomwe paja. Owotcherera zitsulo a pafupi anayamba kunong'ona, ena amvekere ndi nsanje ya amisiri anzake, ena amvekere nkhope za akufa sazisema usiku. Iye, chakudya osalowa, ankangozungulira makina, kutsegula fayilo ya chithunzicho pa kompyuta, kutseka, kutsegulanso. Mzere munalibemo. Thabwa linatsala limodzi, ndipo dalaivala amabwera mawa lake.

Usiku umenewo anaika thabwa lotsalalo, anazimitsa mababu n'kukhala pa benchi kukona. Makina ankalira mosalekeza, uku ndi uku, utuchi ukugwa ngati mvula yowaza. Miyendo inachita dzanzi. Mwadzidzidzi kunangoti zii, moti ankamva mtima wake ukugunda m'makutu. Mumdimamo munadzaza fungo la mafuta odzola kutsitsi. Sipanala inati kwe, kwe, pang'onopang'ono, ngati ili m'manja osazolowera. Kanthu kotentha kanaikidwa pamiyendo pake mwaulemu. Atakakhudza, inali biti yobulungira ija. Makina analira kamodzi kokha, kulira kwakufupi, kenako anasiya.

Dalaivala anafika m'mawa ali ndi apongozi ake, mayi a malemuwo. Nautuchi, maso ali psuu, analibe china chowapatsa koma thabwa lomwelo.

Mayi aja analandira ndi manja awiri. Anasisita chipumi, tsaya, mpaka chala chawo chinalowa mumzere muja n'kuima. Anautsatira mpaka pomwe unathera.

"Mkamwini," anatero motsitsa, osadzutsa mutu, "tsiku la maliro lija munatiletsa kumuvula duku mwana wanga. Munati ndi mmene ankakondera."

Dalaivala anatembenukira kwa Nautuchi, milomo itauma gwa, thukuta likutsika m'khosi.

"Mayi," ananong'ona, "anakuuzani ndani?"