Mkuzi wa Maziko

Elube anadzidzimuka Luckness atamugunda ndi chigongono. Anali atagonanso m'kalasi, tsaya lili pa kope la masamu.

"Tadzuka iwe," ananong'ona Luckness, mnzake wokhala naye desiki imodzi. "Ndipo taona bulauzi yako."

Elube anayang'ana pachifuwa. Mkaka unali utatuluka n'kunyowetsa bulauzi yoyera ya sukulu mbali zonse ziwiri. Anafulumira kuphimba ndi kope, koma anachedwa. Anyamata okhala kumbuyo, aja oona chilichonse kupatula zolembedwa pa bolodi, anali ataona kale.

"Wiritsani tiyi, anyamata, mkaka tili nawo!" anakuwa wina, ndipo Fomu 2 yonse inafa ndi phwete.

Elube anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, komanso anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Maziko. Bambo wa mwanayo, Wadson, ananyamuka ulendo wa ku Joni mimba isanaoneke bwinobwino, ndipo foni yake inaleka kupezeka. Elube atabwerera kusukulu, aliyense pa Phalula anamuyamikira kuti ndi mtsikana wolimba mtima. Kuyamikira n'kosavuta. Oyamikirawo sankabwera kudzachapa matewera kumjigo m'mamawa, sankabweranso kudzatonthoza mwana amene mano anali kumuyabwa m'nkhama. Elube ankafika kusukulu maso ali psuu, msana ukuwawa ngati wachokera kolima.

Masana mwanayo ankakhala kumsana kwa agogo ake, mayi ake a Elube, amene ankagulitsa matimati m'mbali mwa msewu waukulu. Nthawi ya buleki ikayandikira, iwo ankasiyira mnzawo benchi n'kuyenda mtunda wonse mpaka pansi pa mtengo wa mango kunja kwa sukulu, kuti Maziko ayamwe. Anzake akamagula zitumbuwa n'kumacheza, Elube ankakhala pamuzu wa mtengo, mabatani ali omasula, sukulu yonse ikumuonera. Zinkamupweteka mtima kwambiri.

Tsiku la nkhani ya tiyi ija, anafika pamtengopo misozi ili m'maso.

"Amayi, ahedi akuti musamabwerenso kuno," anatero osawayang'ana kumaso. "Akuti mwana akusokoneza sukulu."

"Asa! Ndiye tsiku lonse azidya chiyani?"

"Phala. Si wayamba kale phala?"

Mayi ake anang'ung'udza pang'ono, koma sanalimbikire. Kwa iwo mawu a ahedi anali lamulo. Komanso tinene zoona, miyendo yawo nayo inali itatopa ndi mtunda uja.

Kuyambira m'mawa mwake Elube ankamanga pachifuwa ndi chidutswa cha chitenje asanavale bulauzi. Akaweruka sankathamangiranso kunyumba. Ankanena kuti akutsalira sitade, koma sitade yake inali kutsamira desiki n'kugona tulo tofa nato, popanda womulirira. Tulo timeneto tinali tokoma zedi, ndipo munthu amene sanalerepo khanda asafulumire kumuweruza. Akafika kunyumba dzuwa litapendeka, Maziko ankayamwa pang'ono n'kusiya, kenaka n'kuyamba kulira, chifukwa mkaka unali utayamba kuchepa. Tsiku lonse ankakhalira phala lamadzimadzi la m'kabakuli, lozizira, lodzaza fumbi la malole.

M'chiuno mwa Maziko munali mkuzi, kachingwe kamene agogo ake anamumanga. M'banja limenelo mkuzi ndiwo unali sikelo yodalirika. Agogo ankapisa chala pansi pake. Chala chikakanika kulowa, ankasekerera kuti mwana akukula, n'kudula kachingweko n'kumanga kena kokulirapo.

Loweruka lina Elube akusambitsa mwana m'beseni, anamunyamula m'khwapa kuti amutsukuluze. Mkuzi unatsetsereka wokha, kudutsa matako mpaka kukafika m'mawondo. Elube analeka kumutsukuluza. Anamuyang'anitsitsa mwanayo ngati akumuona koyamba. Mapindi a m'ntchafu aja anali atatha, ndipo khungu linali lotayana.

Anadziwa chimene chichitike mayi ake akaona. Adzavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita kukagwada kwa ahedi kuti alole mwana aziyamwa, ndipo bodza lonse lidzayalidwa pambalambanda. Kenaka adzabwerera pamuzu wa mango paja, anyamata akuseka. Elube anacheuka uku ndi uku. Anakweza mkuziwo, n'kumanga kamfundo kakang'ono kumsana kuti uthine, n'kuphimba ndi thewera.

"Mayeso akangotha ndikonza zonse," anauza mwanayo. Maziko anangomuyang'ana, osamenya n'komwe madzi monga ankachitira kale.

Tsiku la sikelo linagwera pa tsiku la msika, matimati atapsa dengu lonse. Mayi ake a Elube anaima pakhomo akulingalira kolowera. Anapisa chala m'chiuno mwa mdzukulu wawo, chala chinakanika.

"Taonani, abale, mkuzi wathinanso! Akukula mwamuna wangayu. Kusikelo tidzapita mwezi wamawa."

Elube anali atawerama akumanga nsapato. Anazimanga nthawi yaitali.

Maso oona mwana tsiku ndi tsiku sazindikira msanga kuti akuonda. Mayi wina wogulitsa nawo pamsewu atanena kuti mwanayo akuchepa, agogo anayankha kuti ndi mano chabe. Maziko atasiya kuyesera kukwawa, anati ndi mano. Atayamba kutsegula m'mimba, anatinso ndi mano, pakuti mkuzi unali wothina ndithu.

Linali tsiku loyamba la mayeso a kumapeto kwa teremu pamene ahedi, mayi wamtali wovala magalasi, analowa m'kalasi n'kuitana Elube. Panja anapeza mayi ake ataima, thukuta lili kamukamu, Maziko ali m'manja. Mutu wa mwanayo unali lendee, maso atalowa m'kati.

"Ndawapeza kuseri kwa mpanda, padzuwa," anatero ahedi. "Akuti afika kalekale, koma amadikira belu chifukwa ine ndinawaletsa kufika pasukulu pano. Elube, ndinawaletsa liti?"

Elube anayang'ana pansi.

"Zimenezo tidzakamba tsiku lina," anatero ahedi. "Thamangani naye kuchipatala."

Anakwera njinga za kabaza.

Kuchipatala namwino anagwira liwombo la Maziko, anatsina khungu la pamimba n'kuona likuchedwa kubwerera, kenaka anamuika pasikelo. Anapukusa mutu.

"Mwanayu watha madzi m'thupi, komanso watsika kwambiri. Sizinayambe dzulo izi. Bwanji simunabwere naye kusikelo?"

"Iyayi, adokotala, kuonda ndiye sanaonde," anatero agogo. "Ine ndimaona mkuzi. Taonani nokha, chala sichilowa."

Anamasula thewera kuti aonetse. Chala chawo chinayenda motsata kachingweko kuzungulira chiuno, mpaka chinakaima kumsana. Anamutembenuza mwanayo. Anayang'ana kamfundo kaja kwa kanthawi, kenaka anakamasula ndi zikhadabo. Mkuzi unakhwefuka moti dzanja lawo lonse linalowa pansi pake.

"Ine mfundo ndimamanga imodzi, ya kutsogolo," anatero motsitsa mawu. "Iyi wamanga ndani?"

Elube akanakonda mayi ake amumenye mbama. Akanakonda amukalipire chipatala chonse chimve. Koma mayi ake anangomuyang'ana ndi maso otopa, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa mbama.

"Ndine, amayi," anayankha akulira. "Ndinatopa. Ndinkafuna ndizingokhala ngati anzanga."

"Kutopa tonse tatopa, mwanawe. Ukanandiuza kuti watopa. Koma iwe wandipusitsa ine, ndanyamula mwana wodwala kumsana n'kumauza anthu kuti ndi mano."

Namwino sanafune kumva zambiri. Anati mwanayo agonekedwe, ndipo anayamba kumumwetsa madzi a thanzi pang'onopang'ono ndi kasupuni. Atatha anatembenukira kwa Elube.

"Mankhwala ena uli nawo ndiwe. Muike kubere pafupipafupi, ngakhale uone ngati mulibe kanthu. Akamakoka, mkaka ubwerera."

Elube anakhala pabedi la m'wodi. Anamasula mabatani, anamasulanso chidutswa cha chitenje chija, chimene chinali chitasiya mizere pakhungu. Anamutenga Maziko n'kumuyandikiza. Mwanayo anatembenuzira nkhope kumbali. Anayesanso, koma Maziko anakankha ndi kadzanja kake kofooka, n'kutambasulira manja kwa agogo ake uku akulira ndi mawu osasa.

Manja a agogo ananyamuka okha kuti amulandire. Kenaka anawabweza n'kuwapinda kumbuyo. Misozi inali kutsika m'masaya mwawo.

"Ine ndilibe chomupatsa," anatero. "Limbana naye."

Anatuluka n'kukakhala pakhonde.

Elube anatsala ndi mwana amene sankamufuna. Nthawi imeneyo anzake anali akulemba masamu, ndipo anadziwa kuti mayeso a teremu imeneyo amudutsa. Msana unkawawa, mutu unkalemera, tulo tinkamukoka zikope. Anamuyendetsa mwanayo uku ndi uku pakati pa mabedi, anamuimbira, anakhalanso pansi n'kuyesa. Maziko anakana. Elube anayesanso. Dzuwa litafika paliwombo, kakamwa kouma kaja kanagwira bere. Mwanayo anakoka kawiri, anasiya, analira. Elube anamusinthira mbali ina n'kuyambiranso.

Pabedi loyandikana nalo panali mayi wina wachikulire amene anali atangofika ndi mwana wake wodwala malungo. Anayang'ana siketi ya sukulu, anayang'ana masokosi oyera, chifukwa Elube anali atamufulatira.

"Pepa, mtsikana," anatero mayiyo. "Wajomba kusukulu chifukwa cha mng'ono wako? Nanga mayi ake a mwanayo ali kuti?"

Elube anatembenuka, mwana ali kubere, bulauzi ili yotsegula. Sanaphimbe.

"Mayi ake ndine," anatero.