Mizere ya Pakhoma la Tchalitchi

Mmisiri anaweruka mochedwa tsiku limenelo, ndipo wolakwa anali simenti. Simenti ukangoikanda siidikira munthu. Umaipaka yonse, apo ayi m'mawa uipeza yauma, yosapakikanso. Choncho anzake atatsuka mafosholo n'kumapita, iye anatsala yekha pakhoma loyang'ana kumtsinje la tchalitchi cha parishi, akumaliza pulasitala ndi kuwala kwa tochi.

Khomalo linali lakale, la njerwa zikuluzikulu zomwe masiku ano saumbanso. Pakona pake panali mizere yogobedwa ndi chitsulo, ina yolekeza m'mawondo, ina m'chiuno, ndipo umodzi unali pamwamba popitirira mutu wa munthu. Mmisiriyo anali wakutsidya, mbiri ya mudziwo sankaidziwa. Anangoseka kuti ana a kuno ndi aatali ndithu, mpaka kukakanda khoma pamwamba potero. Anaikwirira yonse ndi simenti, n'kusalaza bwinobwino mpaka kudziyamikira yekha.

M'thumba mwake munali botolo la mankhwala limene asisitere anamupatsa madzulo. Mwana wake wamkazi ankatentha thupi kuyambira dzulo lake, ndipo mkazi wake anali atanenetsa m'mawa kuti, "Bambo ake, lero musagone kuntchito. Mwanayu sakundisangalatsa." Ndiye zogona pa parishi panalibe. Anayenera kuwoloka mtsinje usiku womwewo.

Pamudzipo mvula sinagwe tsiku limenelo. Kumapiri kokha ndi kumene kunkang'anima mwakachetechete. Njira yopita kumlatho inkadutsa m'mbali mwa manda a tchalitchi, ndipo mmisiri, amene masana ankadzitama kuti saopa chilichonse, anayamba kuimba mluzu nyimbo ya kwaya imene mawu ake sankawadziwa n'komwe.

Atafika pachipata cha manda, tochi inazima. Anaimenya pachikhatho. Zii.

Kenako belu linalira.

Ngeee... ngeee...

Mluzu unathera pakamwa. Belu la tchalitchi linali pansi, pakona m'kati, litakwiriridwa ndi masaka. Analitsitsa ndi iye yemwe sabata yatha, chifukwa nsanja yake inali itang'aluka. Nanga likulira bwanji? Akuliza ndani?

Ngeee...

Anaima pomwepo. Kenako mawu anamveka pafupi.

"Mmisiri, mlatho uwo lero si wanu."

Pakhoma la manda panakhala bambo wachikulire, atavala chijasi chachitali. Chijasicho chinkadontha madzi, chonsecho kunja kunali kouma. M'manja monse anali atakulunga nsanza.

"Pepani bambo," anatero mmisiri. "Ndili ndi mwana wodwala kutsidya."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndaliza. Madzi saiwala khwawa, mwana wanga. Tiyeni uku."

Mkuluyo anatsika n'kulowa kanjira kokwera kumtunda. Mmisiri anayang'ana kumlatho. Unali pafupi, wowoneka bwinobwino, ndipo madzi ankayenda pansi pake mofatsa ngati masiku onse. Mtima wina unkati thawa, woloka. Koma mawu a mkuluyo anali ngati a munthu amene sanazolowere kubwereza, ndiye anamutsatira.

Anakwera. Udzu unkamukwapula m'miyendo. Nsapato zake zinkaphwanya timitengo. Za mkuluyo... sizinkamveka.

Anadutsa pamalo pena pafupi ndi mtsinje pamene miyala inandandalika m'tchire. Mkuluyo analoza osatembenuka. "Apa panali tchalitchi choyamba. Mtsinje unatenga, ndi nyumba zomwe. Anthu analira, kenako anaiwala."

Mmisiri anapitiriza kumutsatira.

Anafika pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri aatali. Pamwamba pake panali kamlatho kakale ka zingwe zachitsulo ndi matabwa, kamene iye anali asanakamvepo. Mkuluyo anaima.

"Ine ndimalekeza pano. Wolokani, mwana akudikira. Koma mawa mukandibwezere mizere yanga simenti isanalimbe. Anthu akapanda kuona pamene madzi anafika, amamanga m'njira yake."

Mmisiri anaponda thabwa loyamba. Linalira. Anaponda lachiwiri. Ali pakati, kumtunda kunamveka mkokomo, ngati malole ambiri akutsika phiri opanda mabuleki. Mphepo yozizira inamuwomba. Fungo la matope. Kenako madzi!

Madziwo anadutsa pansi pake atanyamula mitengo yathunthu. Kamlatho kanagwedezeka. Iye anagwira chingwe ndi dzanja limodzi, lina litagwiritsitsa botolo m'thumba. Kumunsi kunamveka kuthyoka kwakukulu... mlatho uja unapita.

Atafika tsidya lina anatembenuka kuti athokoze. Panalibe munthu.

Kunyumba anapeza mkazi wake ali pakhomo ndi nyali, akulira, chifukwa naye anali atamva mkokomowo. Anamumwetsa mwana mankhwala. Kutatsala pang'ono kucha, thupi linazizira, ndipo mwanayo anadzuka n'kufunsa chifukwa chake bambo ake akununkha simenti. Mmisiri anaseka, misozi ikutsika. Anali asanayamikepo Mulungu ndi mtima wonse ngati m'mawa umenewo.

Dzuwa litatuluka anabwerera podzera pakamlatho kaja. Anthu anali ataunjikana pamene panali mlatho waukulu, akuyang'ana zitsulo zopindika. Madzi anali atafika mpaka pakhoma la tchalitchi n'kusiya matope m'munsi mwake. Pakhonde anapeza mayi wosesa m'tchalitchi, waimvi kale, akukokolola matopewo.

"Mayi, ndikufuna bambo wina wa m'mudzi muno, ndikawathokoze. Wachikulire, wa chijasi chachitali, m'manja amakulunga nsanza."

Mayiyo anaika tsache pansi pang'onopang'ono.

"Nsanza m'manja monse?"

"Eya. Anandiletsa kudzera pamlatho usiku. Akuti ndiwabwezere mizere yawo."

Mayiyo anakhala pansi pamasitepe. "Amenewo ndi bambo anga," anatero. "Anali woliza belu pano. Chingwe chinkawadula m'manja, ndiye mayi ankawamanga nsanza. Mtsinje ukasefukira, iwo ankagoba mzere pamene madzi alekeza. Yonse ija anagoba ndi iwo, kupatula wapamwamba uja. Chaka chimenecho madzi anabwera usiku. Iwo analiza belu mpaka mudzi wonse unathawira kumtunda, koma iwowo sanatuluke m'tchalitchi. Mzere umenewo anagoba ndi anthu pochokera kumanda kokawaika. Ine ndinali kumsana kwa mayi."

Mmisiri anavula chipewa. Kenako anakatenga chitsulo chake chogobera ndi hamala. Simenti inali isanalimbe kwenikweni, ndipo anaichotsa mosamala pakona ponse mpaka mizere inaonekanso, umodzi umodzi, kuyambira m'mawondo kukafika pamwamba. Mayi uja anaimirira pambali akuiwerenga ndi maso ngati akuona abale amene anasowa.

Atamaliza, mmisiri anagwada, n'kugoba mzere watsopano pamene matope a usikuwo analekeza. Anaupukuta ndi chikhatho, n'kuyang'ana kumanda.

"Zikomo bambo," anatero chapansipansi. "Mwana wadzuka bwino."