Mlowam'malo wa a Phambala

Sungeni atavala magolovesi a gemu, makoma a pabalaza anazimirira. Pamene panali kabati ya mbale panaoneka phompho, pamene panali zenera panatulukira msewu wamatope wokhotakhota, ndipo sofa inayamba kunjenjemera ngati pansi pake pali injini. Mvula inkawomba pagalasi la lole. Kudzanja lake lamanja, pachiwongolero, panakhala bambo ake, a Chiletso Phambala, atapinda mikono ya malaya, akuimba kamluzu.

"Kondakitala, kutsogoloku kuli bwanji?" anafunsa a Phambala.

"Kona yakumanzere, kenako mlatho wamatabwa. Muchepetse liwiro, adadi, tanyamula mbuzi."

"Mbuzizo uziuze zigwiritse," anatero iwo, n'kuponda moto. Sungeni anaseka mpaka kulephera kuwerenga mapu.

Gemuyi inkatchedwa Matola. M'bokosi lawo munali magemu ambiri, a mpira, a nkhonya, a nkhondo za mumlengalenga, koma Sungeni ankakonda imeneyi. Inali yosavuta kumva: anthu awiri, lole imodzi, ndi katundu woti afike kuseri kwa phiri asanawonongeke. Wina ankayendetsa, wina ankawerenga msewu. M'chaka cha 2094 munalibenso munthu woyendetsa galimoto ndi manja m'misewu ya ku Zomba, moti anzake ankamuseka kuti amasewera za agogo. Iye analibe nazo ntchito. Ankaisewera Loweruka lililonse masana kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, chaka chimene bambo ake anapita kukagwira ntchito kumigodi ya pa Mars. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ku Mars ndi kutali. Mawu ochoka kuno amatha kutenga mphindi makumi awiri kuti akafike, yankho n'kutenganso zina makumi awiri, ndipo palibe angayendetse lole ndi mnzake woyankha mochedwa chonchi. N'chifukwa chake opanga mabokosi a magemu anaikamo nzeru ina imene anthu ankaitcha Mlowam'malo. Munthu asananyamuke, bokosi linkaphunzira mawu ake, kasekedwe kake ndi kagwiridwe kake ka chiwongolero. Akafika kutaliko ankasewera pa bokosi la kumeneko, ndipo zatsopano zimene laphunzira zinkatumizidwa kunyumba. Zimene am'nyumba alankhula m'gemu zinkajambulidwa n'kupita kwa iye kuti akamvetsere. Motero Mlowam'malo ankasintha limodzi ndi mwini wake, ndipo mwana wotsala ankadziwa kuti zimene wanena Loweruka lino, bambo ake adzazimva sabata isanathe.

Atawoloka mlatho, Sungeni anaika mapu pamwendo.

"Lachinayi mukufika," anatero.

"Ndikufika."

"Ndikuchita mantha pang'ono. Sindikudziwa chifukwa chake."

A Phambala anachepetsa liwiro n'kumuyang'ana. "Mantha a chiyani, Sunge? Ndine yemweyu."

Lachinayi m'mawa Sungeni ndi mayi ake, a Elube, anakaimirira pabwalo la zombo za mumlengalenga pamodzi ndi mabanja ena. Amuna ndi akazi ochokera kumigodi ankatuluka pang'onopang'ono, atavala zitsulo zopyapyala kuchokera m'chiuno mpaka m'akakolo, chifukwa mafupa awo anali atazolowera dziko limene thupi limapepuka. Sungeni anaona bambo wina wowonda, waimvi, amene dzanja lake lamanja linali lapulasitiki yotuwa. Anamudutsitsa maso n'kumayang'anabe ena akumbuyo. Mayi ake ndi amene anayenda kukamukumbatira.

"Sungeni, wakula," anatero bamboyo. Mawu anali omwe aja, koma otsika, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osawagwiritsa ntchito.

"Mwayenda bwanji, adadi?"

"Tayenda bwino."

Sanamutche Kondakitala. Sungeni anayang'ana dzanja lija, kenako mayi ake, koma a Elube ankakonza kolala ya amuna awo.

M'galimoto yobwerera ku Chinamwali a Phambala ankangoyang'ana mitengo. Atafika pafupi ndi tauni anatembenuka, ngati munthu amene wapeza nkhani yoti acheze ndi mlendo.

"Nanga mnzako uja wa kanjira pamano, Zione, ali fomu yanji tsopano?"

Zione anakokoloka ndi madzi osefukira a mtsinje wa Likangala zaka zitatu zapitazo, akuchokera kusukulu. Loweruka la sabata imeneyo Sungeni analira m'lole ya Matola mpaka mawu kutha, bambo ake ali pambali pake.

"Bambo a Sungeni, mwatopa," anatero a Elube mwachangu. "Mupume kaye."

Loweruka masana Sungeni anatulutsa magolovesi mapeyala awiri n'kuika peyala imodzi pamwendo pa bambo ake. Anauza bokosi kuti lero Mlowam'malo apume. A Phambala anavutika kuloweza golovesi kudzanja lapulasitiki. Makoma atazimirira anadzidzimuka, n'kugwira mpando ndi dzanja lamanzere.

"Kona yakumanja, yakuthwa," anatero Sungeni.

Iwo anachedwa kukhota. Lole inagunda mwala, matumba a chimanga n'kukhuthukira kuphompho. Anayambiranso, ndipo kachiwiri injini inazima pachitunda. Kachitatu a Phambala anafunsa kuti giya yobwerera m'mbuyo ili pati.

Sungeni anavula magolovesi. Phiri linachoka, kabati ya mbale n'kubwerera m'malo mwake.

"Adadi, munasewera liti komaliza?"

A Phambala anayang'ana pansi. A Elube anali ataima pakhomo la kukhitchini, atagwira kansalu kopukutira mbale.

"Chaka changa chachitatu ku Mars," anayankha a Phambala. "Mgodi unatigwera. Tinalimo asanu, ndinatuluka ndekha, wopanda dzanjali. Mayi akowa ndinawauza za dzanja, koma ndinawapempha kuti iwe usadziwe. Nditatuluka m'chipatala ndinalephera kusewera. Ndinati ndikapeza bwino ndidzayambiranso."

"Nanga zimene ndinkalankhula? Zimabwera kwa inu, si choncho?"

"Zinkabwera. Choyamba ndinachitsegula, ndinamva iwe ukuseka ndi munthu wa mawu anga, munthu wosangalala. Ndinalephera kumaliza. Ndinati mawa. Kenako zinakwana khumi, kenako zana, ndipo ndinayamba kuopa ngakhale kuyang'ana nambala yake."

"Simunandiuze zimenezi," anatero a Elube motsitsa mawu. "Ine ndinkakumvani pabalaza pano mukumutonthoza mwanayu. N'chifukwa chake za Zione sindinakulembereni. Ndinkati mukudziwa."

Sungeni sanakweze mawu. Anapinda magolovesi ake bwinobwino, chala ndi chala.

"Ndiye pamene Zione anamwalira, ine ndinalirira ndani?"

Analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko mosachita phokoso.

Masiku otsatira m'nyumbamo munali ulemu wambiri. Sungeni ankapereka moni m'mawa, ankathira bambo ake madzi osamba m'manja, ndipo akafunsidwa za kusukulu ankayankha kuti zili bwino. A Phambala ankayenda kuchoka pakhonde kufika pageti n'kubwerera, monga anawauzira adokotala, zitsulo za m'miyendo zikulira pang'onopang'ono. Nthawi zina ankatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma sankadziwa kuti mwana wawo amakonda chiyani, amadana ndi chiyani, kapena amaseka zotani.

Lachitatu m'mawa, Sungeni ali kusukulu ndipo a Elube ali kuntchito, a Phambala anavala golovesi yakumanzere yokha n'kuyatsa Matola. Anakhala pampando wa kondakitala. Pachiwongolero panali mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wa tsitsi lakuda ndi manja awiri athunthu.

"Mwini wake wabwera," anatero Mlowam'malo. "Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalandire zatsopano kuchokera kwa inu. Mungathe kundikonza kuti ndifanane ndi mmene mulili tsopano, mungathe kundifufuta, kapena kundisiya chonchi."

"Zaka zonsezi unkaphunzira kwa ndani?"

"Kwa Sungeni. Panalibe wina."

A Phambala anafunsanso: "Tsiku la Zione lija unachita chiyani?"

"Ndinaimitsa lole pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Sindinanene kanthu mpaka iye atayamba kulankhula. Kenako ndinamufunsa kuti Zione ankakonda kuimba nyimbo yanji, ndipo anandiimbira."

"Unadziwa bwanji kuti uchite zimenezo?"

"Ndinayesa zambiri m'zaka za m'mbuyo. Zimene zinkamukhazika mtima pansi ndinasunga. Zimene zinkamupweteka ndinasiya."

"Ine ndikanamuuza kuti alimbe mtima."

"Mawu amenewo ndinali nawo," anatero Mlowam'malo. "Ndinawasiya chaka chachinayi."

A Phambala anayang'ana mvula ya m'gemu ikuwomba pagalasi. Ankafuna kukwiya, koma analibe pogwira. Chinthucho sichinanamize munthu mwadala. Chinangochita ntchito imene iwo anaisiya.

"Zojambula zija zikadalipo?" anafunsa pomaliza.

"Zonse. Zilipo mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri. Ndi zanu."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, anapeza Sungeni pakhonde akuwerenga. Anakhala pampando wina movutikira, n'kumuuza zinthu zitatu zimene bokosi linanena.

"Ndikanatha kusankha ndekha," anatero, "koma ndaona kuti si zanga zosankha. Iwe ukuti bwanji?"

Sungeni anatseka buku, chala chili mkati.

"Mukamukonza, adzakhala ngati inu?"

"Eya."

"Ndiye kuti ndidzakhala ndi anthu awiri osandidziwa." Anaona nkhope ya bambo ake ikugwa, ndipo anafewetsa mawu. "Sindikunena mwachipongwe, adadi. Ndikudziwa kuti munavutika. Ndikudziwanso kuti uja si munthu, ndakhala ndikudziuza zimenezo sabata yonseyi. Koma ndi yekhayo amene amadziwa kuti ndinalephera masamu fomu wani n'kubisa lipoti. Amadziwa chifukwa chake sindiwolokanso pamlatho wa Likangala. Sindingathe kuyambiranso kufotokoza zonsezo. Ndatopa."

"Ndikhoza kuphunzira, Sunge."

"Mukhoza. Koma uja musiyeni mmene alili."

A Phambala anavomera ndi mutu.

Kuyambira tsiku lotsatira anayamba kumvetsera zojambula zija, chimodzi patsiku, chifukwa kuposa pamenepo mtima sunkawalola. Ankakhala pabedi masana, atavula zitsulo za m'miyendo, timahedifoni tili m'makutu. Anamva mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akudandaula kuti nsapato zamuthina. Anamumva akufunsa ngati ku Mars kuli mbalame. Anamumva akunena kuti aphunzitsi anamusankha kunyamula mbendera, ndipo mawu awo omwe, ochokera pakamwa pa wina, anamuyamikira ndendende mmene mwana amafunira kuyamikiridwa. Ankalemba zina m'kope ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhota ngati za mwana wa sitandade wani.

Tsiku lina pachakudya anayesa. "Paja unanyamula mbendera pa tsiku la masewera, eti?"

Sungeni anakweza maso, n'kuganiza kaye. "Kalekale limenelo, adadi. Ndinali sitandade sikisi." Anamwetulira mwaulemu n'kupitiriza kudya.

A Elube anawerengera kuti akapitiriza chonchi adzamaliza pakatha miyezi khumi. Pofika nthawi imeneyo Sungeni adzakhala atalemba mayeso n'kupita ku koleji ku Mzuzu, ndipo anali atanena kale kuti bokosi la magemu adzapita nalo.

Loweruka lina masana a Phambala anali kuchipinda, ali pa chojambula cha makumi anayi, pamene anamva pansi pakunjenjemera. Anachotsa kahedifoni kamodzi. Kuseri kwa khoma injini ya lole inali italira. Anamva mwana wawo akutchula kona, mwamuna wina akuyankha zoseketsa, kenako onse awiri akuseka. A Elube analowa ndi kapu ya tiyi, n'kuima pakhomo.

"Ndikamuuze achepetse phokoso?" anafunsa.

"Ayi, asiyeni," anatero a Phambala. Anazindikira mochedwa kuti anena ngati kuli anthu awiri, koma sanakonze. Anabwezera kahedifoni m'khutu.

Makinawo anapangidwa kuti mwana asamasowe bambo ake, ndipo anagwira ntchitoyo bwino kwambiri, moti bambowo atabwera anapeza kuti m'nyumba mwawo mulibe pamene ankasowekera.