Bwerani Lachinayi

Pa zenera lachitatu la ofesi yoona za malo pankakhala kalaliki, mtsikana wa magalasi amene ankadziwa mapepala kuposa anthu. M'mawa wina kunabwera mmisiri wa matabwa, utuchi uli m'tsitsi, atavala jekete yobwereka yomwe manja ake ankalekezera panjira.

Anayala pepala pazenerapo ngati akugoneka khanda.

"Achemwali, ndagula malo! Mufufute dzina la amene wandigulitsayo, mulembepo langa. Ndi lalifupi, silikutherani inki."

Kalaliki atangoona mutu wa pepalalo, anadziwa kuti pali vuto. Mapepala a malo ali mitundumitundu. Pali satifiketi ya umwini, imene mwini wake angagulitse kapena kupatsa amene wafuna. Pali lisi, yobwerekera malo zaka zambiri, imene imasintha dzina eni nthaka akavomera. Ndiye pali kalata yongololeza munthu kukhalapo. Imeneyo sigulitsidwa, sisintha dzina, imathera pa amene anapatsidwayo. Ya mmisiri inali yachitatuyi.

Ankayenera kumuuza. Mawu amenewo ankawanena kasanu pa tsiku osaphethira. Koma mnyamatayo anali akumwetulira ndi nkhope yonse, mpaka makutu.

"Bwerani Lachinayi," anatero kalaliki.

Anabweradi. Lachinayi linalo anabweranso, atasenza kampando katsopano.

"Ndinaona kuti wanuwo ukugwedera mwendo," anatero. "Boma lingagwe."

Ulendo wachitatu anapempha nambala ya foni, kuti azifunsa za fayilo. Za fayilo sanafunsepo ngakhale kamodzi.

"Wadzuka bwanji, duwa la pa zenera lachitatu? Lero ndapala thabwa mbali yolakwika chifukwa cha iwe."

"Amisiri, gwirani ntchito. Mudzicheka chala."

"Zala ndili nazo khumi. Mtima ndi umodzi, ndipo uli m'fayilo mwakomo."

Ndani angayankhe uthenga wotere ndi malamulo a malo?

Bwana wa ofesiyo, bambo amene ankayenda ndi chidindo m'thumba ngakhale popita kokadya, anayamba kudabwa.

"Mayi, munthu wa utuchiyu fayilo yake ndi yovuta motani?"

"Ikufufuzidwa, bwana."

Bwanayo anagwedeza mutu mokhutira. Mawu oti kufufuza ankawakonda kwambiri, chifukwa sankafuna kuti munthu aimirire pampando.

Lamlungu lililonse mmisiri ankamutengera wokondedwa wake kumalo kuja. Ankayenda m'maudzu akuloza m'mwamba ndi m'munsi.

"Apa pabalaza. Apa khitchini, zenera lalikulu ngati la ku ntchito kwako, koma lopanda mzere wa anthu." Kenako anamugwira dzanja. "Wanga, ndikulonjeza. Dzina langa likangolowa papepala lija, amalume akubwera kwanu. Sindingakutenge ndikadali pa lendi."

"Ine ndiye ndati chiyani za lendi?"

"Sunanene. Koma mkazi ngati iwe sayenera kumagogodedwa ndi alandilodi."

Ndimuuza mawa, anatero mtsikanayo mumtima. Mawa lake mmisiri anakumba maziko. Ndimuuza mwezi ukatha. Mwezi utatha kunabwera njerwa. Tsiku lililonse mawuwo ankalemera, ndipo iye ankangowonjezera Lachinayi pamwamba pa Lachinayi.

Kenako kalaliki anadwala chimfine. Chimfine wamba!

Lachinayi limenelo bwana anakhala yekha pazenera, koyamba pa zaka zambiri, ndipo anafuna kuti mzere wonse udziwe kuti wafika mwini ntchito. Mmisiri atafika, bwanayo anatulutsa fayilo, kukonza tayi, kutsokomola kawiri.

"Bambo, kalata iyi sisinthidwa dzina. Amene anakugulitsaniyo wakugulitsani chimene sichigulitsidwa. Izi ngakhale wongoyamba ntchito dzulo akanakuuzani tsiku loyamba."

Masana foni ya kalaliki inalira. Uthenga wake unali wa liwu limodzi.

"Unkadziwa?"

Analemba zambiri, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Pomaliza anatumiza kuti, "Eya."

Milungu iwiri, zii! Palibe duwa, palibe wanga. Ankakhala pa kampando kaja akuyang'ana pakhomo, anthu amzere akumufunsa ngati chimfine chabwereranso.

Loweruka anapita yekha kumene mmisiri ankagwirira ntchito. Anamupeza akupala chitseko. Chinali cha nyumba ija.

"Akalaliki," anatero mmisiri osadzutsa mutu. "Mwabwera kudzafufuza?"

"Usanditchule choncho, chonde."

"Miyezi isanu! Ndimakumba, ukundibweretsera madzi akumwa. Ndimasenza njerwa, ukuti samala msana. Unkandiseka mumtima?"

"Ndinkaopa!" Misozi inadontha mpaka magalasi anachita nkhungu. "Tsiku loyamba ndinaopa kuti ndikakuuza sudzabweranso. Masiku enawo ndinkaopa kuti udziwa kuti sindinakuuze tsiku loyamba."

Mmisiri anaika mpaliro pansi.

"Ukanandiuza, ndikanakwiya mlungu umodzi. Kenako ndikanabwerabe. Ukuganiza kuti munthu amapanga mpando chifukwa cha fayilo?"

Mtsikanayo anapukuta magalasi ndi bulauzi, n'kutulutsa fomu m'chikwama.

"Njira ilipo imodzi. Kalata ija ibwezedwe kwa eni nthaka, iwe upemphe lisi mwatsopano, m'dzina lako. Angavomere, angakanenso. Akakana, maziko aja ndi njerwa zapita. Sindikulonjeza kanthu. Ndi zoona zokhazokha zimene ndabweretsa lero."

Mmisiri anaitenga fomuyo, kuitembenuza, kuiwerenga mpaka timalemba ta m'munsi. Anaona mizere iwiri pamalo a dzina.

"Wachiwiriwu ndi wa ndani?"

"Wa mkazi kapena mwamuna wa wopemphayo. Ngati alipo."

Mmisiri anayang'ananso mizere iwiriyo. Kenako anachotsa pensulo kukhutu, n'kulemba dzina lake pa mzere woyamba, chilembo chimodzichimodzi. Pa wachiwiri anaimitsa pensulo.

"Ukapanda kudzaza apa timakhwatchapo," anatero kalaliki. "Ndi lamulo la mu ofesi."

"Usakhwatchepo," anatero mmisiri. "Ndikadakwiya. Koma usakhwatchepo."