Juzi ya a Sekondi

"Ndine Sekondi. Ndipatseko buku la muyeso."

Mawuwo anachokera m'chipinda chozizira, Kachete akulongedza kuti aweruke. Cholembera chinamupulumuka. A Sekondi anali ataikidwa m'manda miyezi itatu yapitayo.

Kwa zaka makumi awiri mkuluyo ankasamalira wotchi ya siziyamu, bokosi lachitsulo limene mawotchi ena onse ankatcherako nthawi. Wotchi yotere siphonya sekondi ngakhale patapita zaka zikwizikwi. Imangopatuka pang'ono zedi, ndipo tsiku lililonse iwo ankaiyerekeza ndi inzake n'kulemba kusiyanako m'buku. Tsiku limene Kachete anayamba ntchito, a Sekondi anamuona akuzizidwa, n'kumuvulira juzi yawo.

"Vala, mwanawe. Muno ndi mwa wotchi, ife ndife alendo."

Kenaka abwana anayamba kuzimitsa makina oziziritsa usiku, ati magetsi akutha. Wotchi ija inayamba kupatuka kwambiri. Mlandu anaukankhira kwa a Sekondi. "Mwakalamba, mdala, mukungolemba za m'mutu." Anawachotsa ntchito. Sanakhalitse, anamwalira.

Tsopano buku linali m'manja mwa Kachete, ndipo akuluakulu oyendera ntchito ankabwera Lachisanu. Abwana anali atamuuza kale: "Manambala akapanda kukoma, utsatira agogo akowo."

Kachete anagwada n'kulowetsa bukulo pansi pa chitseko. Linakokedwa. Masamba anayamba kutembenuka, limodzilimodzi. Kenaka kachifuwa ka a Sekondi, kamene ankakadziwa bwino.

"Pita kunyumba, mwanawe. Izi si zako."

M'mawa mwake wotchi inali itatsalira sekondi yathunthu. Lachitatu, masekondi awiri. Abwana thukuta kamukamu, m'chipinda chozizira chomwecho.

"Alipo akuigwira! Ndigona momwemo, ndimugwire ndekha."

Lachinayi madzulo anazimitsa makina aja monga mwa masiku onse, n'kudzitsekera.

Mlonda akuti anamva mawu awiri. Ena ankatchula tsiku, mwezi ndi chaka, mosathamanga. Ena ankayankha akulira. Tsiku lina, yankho. Tsiku lina, yankho. Mlondayo anagwira chitseko, n'kupeza chikuzizira ngati madzi oundana. Anabwerera pageti osacheuka.

Kutacha anawapeza abwana atagwada pakona, milomo ili mbuu, cholembera chili m'manja. Patsamba lililonse, pafupi ndi manambala a malemu, panali mawu olembedwa ndi dzanja la abwanawo: "Ndinazimitsa ndine."

Wotchi inali italondola ngati sinaphonyepo. Oyendera aja anawerenga bukulo mpaka kumapeto, n'kuwatenga abwanawo. Mpaka lero akuti munthu akawafunsa nthawi, amatseka makutu.

Anthu apantchito amanong'onezana kuti mkulu uja sankafuna moyo wa munthu, ankangofuna kuyeretsa dzina lake.

Kachete anabwera Lolemba ndi juzi ija, yochapa, chigongono chosokedwa bwinobwino. Anaikoleka pamsomali wakale wa a Sekondi, kuseri kwa chitseko.

"Zikomo, agogo," ananong'ona. "Muno mumazizira."