Mivi Yokhota Pamiyala

Njira yozungulira mapiri aja inali ya masiku atatu: kuchoka pakhomo pa mayi wina, kudutsa midzi iwiri yakalekale, n'kudzatulukiranso pakhomo pomwepo. Mwamuna wake ndiye ankapaka mivi yoyera pamiyala kuti oyenda asasochere. Anali wamanzere, mivi yake yokhota ngati mchira wa galu, ndipo penti ankangoidontheza paliponse, mpaka pakhonde. Zaka makumi atatu mayiyu akukalipira khonde lomwelo! Kenako bamboyo anamwalira asanapake chigawo chomaliza.

Mayi wamasiyeyo ananyamula chitini cha penti ndi burashi kuti akamalize yekha, chikhalirecho kumeneko anali asanapondeko.

Usiku woyamba, m'nyumba ya alendo, mumdima woti sungaone ngakhale dzanja lako, anamva chivundikiro cha chitini chikuti kwee, kwee, pang'onopang'ono. Kutacha, burashi inali yonyowa.

"Makoswe amenewo, mayi," anatero mwini nyumba, maso ali kumbali.

Usiku wachiwiri, m'mudzi winawo, anakulunga chitini m'nsalu n'kuchiika kumutu kwa bedi. Pakati pa usiku fungo la penti linadzaza chipinda. Kenako anamva mapazi akutsika masitepe a matabwa, mwendo umodzi ukukokedwa. Malemu ankayenda choncho. Mayiyo anafunda mpaka kumutu, mantha ndi chisoni zitamugwira pamodzi. M'mawa chitini chinali chitapepuka.

Mayi amene anamubweretsera tiyi ananong'ona: "Lero musakwere, chonde. Onani chifungacho. Akuti kumtundako kuli phompho, anthu amangopita osabwerako."

"Nanga ndikabwerera, amalize ndani?"

Anakwera ndithu. Pamphambano pomwe mivi yakale inathera, chifunga chinatseka zonse. Anaima, osadziwa kolowera. Atawerama anaona muvi pamwala. Wokhota. Anaukhudza, chala chinayera. Patsogolo panali wina, kenako winanso, kumulambalalitsa phompho lomwe ankangolimva ndi kulira kwa mphepo.

Anafika kwawo dzuwa likulowa, burashi asanaiviike n'kamodzi komwe. Pakhonde, pomwe anakolopa bwinobwino asananyamuke, panali madontho atatu oyera, osauma.

"Inu bambo inu," anatero misozi ikutsika, "ngakhale kumeneko simunasinthe?"

Anatenga chokolopera, anachiyang'ana kanthawi, n'kuchibwezera kuseri kwa chitseko.