Kachedwa ndi Chipewa Chofiira

Flossie anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ndi amayi ake m'mudzi wina pafupi ndi Kasina. Anali ndi nkhuku yakeyake. Dzina lake linali Namawanga.

Analinso ndi chipewa chofiira. Anamulukira ndi amayi ake. Koma abale, chipewa chimenechi ankachikonda! Kusukulu, chipewa. Kumjigo, chipewa. Kumunda wa kachewere, chipewa chomwecho.

Flossie ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti anapiye onse a Namawanga akule.

Unali mwezi wa Juni. Kunja kunkazizira koopsa. Namawanga anaswa anapiye asanu ndi mmodzi. Anatuluka nawo kukapalasa. Koma m'chisa munatsala dzira limodzi.

Masana dzira lija linasweka. Munatuluka kamwanapiye konyowa. Kankanjenjemera.

"Wachedwatu iwe," anatero Flossie. "Dzina lako ndiwe Kachedwa."

Flossie anafuna kuti Kachedwa kagone pabwino. Anatenga beseni latsopano la pulasitiki. Analitsuka. Analipukuta mpaka linawala. Anaikamo Kachedwa. Anaika beseni lija m'khitchini, pafupi ndi moto.

"Gona poyera, Kachedwa," anatero Flossie. "Gona pofunda."

M'mawa mwake Flossie anathamangira kukhitchini. Mayo ine! Kachedwa kanali katagona chafufumimba. Mwendo wina uku. Mwendo wina uko.

"Piyo! Piyo!" kanalira Kachedwa.

Kanayesa kudzuka, kanagwa. Kanayesanso, kanagwanso. Madeya anali pafupi. Madzi anali pafupi. Koma Kachedwa sikanathe kufikapo.

"Amayi! Amayi, bwerani!" anaitana Flossie.

Amayi anabwera. Anayang'ana m'beseni. Anapukusa mutu.

"Pepa, mwanangu," anatero amayi. "Miyendo yatangadza. Kamwanapiye kosaima sikadya. Kosadya sikakhala moyo."

Flossie anamva chisoni kwambiri. Misozi inayamba kugwa.

"Usalire kaye," anatero amayi. "Pita nako kwa amalume ako. Aja manja awo ndi ena."

Amalume a Flossie anali a Gerevazio. Ankakhala kuseri kwa munda wa kachewere. Ankaweta nkhuku. Ankamezanitsanso mitengo ya mapichesi. Ankadula kanthambi ka mtengo wina. Ankakalumikiza ku mtengo wina. Ankamanga bwinobwino, kanthambi n'kuphuka.

Flossie anafunditsa Kachedwa kansalu. Ananyamula beseni. Anadutsa m'munda, nkhungu ili mbuu. Anawapeza amalume akumanga kamtengo.

"Odi, amalume!"

"Eee, fika Naphiri," anatero amalume. Iwo ankakonda kumuitana ndi mfunda wake. "Nanga misoziyi mamawa ano?"

Flossie anawaonetsa Kachedwa.

Zala za amalume zinali zazikulu ngati chinangwa. Zinali zokhakhala ndi khasu. Flossie anachita mantha. Zala zimenezi sizikaphwanya kamwanapiye?

Ayi ndithu. Amalume anakanyamula mofatsa. Kachedwa kanangoti phee m'dzanja lawo. Anagwira mwendo wina. Anagwira mwendo winawo. Anasisita kumbuyo kwa bondo pang'onopang'ono.

"Mukufuna chiyani, amalume?" anafunsa Flossie.

"Ndikufuna mtsempha," anayankha amalume. "Gwira apa. Wamva kachingwe kakang'ono?"

"Eee, ndakamva!"

"Umenewo ndi mtsempha. Ndi umene umakoka mwendo. Nthawi zina umachoka pamalo pake. Koma uwu uli pamalo. Fupanso silinathyoke."

"Nanga chavuta n'chiyani?"

Amalume anapititsa chala m'beseni. Chala chinangoti tereee.

"Kanagona muno?" anafunsa amalume.

"Eee. Ndinatsuka. Ndinapukuta mpaka linawala."

"Naphiri, umayenda bwanji kumjigo pakakhala matope?"

"Ndimaterereka," anatero Flossie.

"Nakonso kamaterereka. Miyendo yake ndi yanthete. Zikhadabo zinasowa pogwira. Mwendo wina unapita uku. Wina unapita uko."

Flossie anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndakalemaza ndine!"

"Unakapulumutsa ku chisanu ndiwe," anatero amalume. "Ukachiritsanso ndiwe. Wachita bwino kubwera msanga. Tiye timange miyendoyi."

Amalume anatenga luzi. Anapukusa mutu. "Ili ndi lolimba. Likacheka khungu."

Anatenga kapulasitiki komangira mapichesi. Anapukusanso mutu. "Aka ndi koterera. Pakufunika kanthu kofewa."

Flossie anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kanthu kofewa panalibe. Kenaka anagwira kumutu. Pamwamba pa chipewa panali kaulusi kotuluka.

Flossie anaganiza. Anayang'ana chipewa. Anayang'ana Kachedwa.

"Piyo," kanalira Kachedwa.

Flossie anakoka kaulusi kaja. Ulusi wofiira unatuluka. Unali wofewa bwino.

"Ogo!" anatero amalume. "Chipewa chako chomwechi?"

"Chomwechi, amalume. Mangani."

Amalume anamanga mwendo wina, pamwamba pa phazi. Sanathinitse ayi. Anamanganso mwendo winawo. Pakati anasiya mpata.

"Ika zala zako ziwiri apa," anatero amalume. "Mpata uzikhala wotere. Zala ziwiri za Naphiri. Osapitirira, osachepera."

Flossie ankangoyang'ana. Zala zazikulu zija zinamanga timfundo ting'onoting'ono. Koma amalume amenewa!

Kenaka amalume anatenga kapu yakale. Anaikamo kansanza. Anaimikamo Kachedwa. Miyendo inali pansi pa thupi. Mutu unali kunja.

"Kaziima mu kapu pang'ono, m'mawa ndi masana," anatero amalume. "Miyendo iphunzire kunyamula thupi. M'beseni uyalemo chiguduli. Madzi uziika m'chitsekero cha botolo. Ukaika m'mbale, kagweramo. Ulusi uzisintha tsiku lililonse, chifukwa kakukula."

"Ndamva, amalume."

"Chinanso. Dzuwa likatentha, uzipita nako kwa Namawanga. Angakaiwale."

Flossie anathokoza. Anabwerera kunyumba. Anayala chiguduli m'beseni. Anakapatsa madeya ndi masamba oduladula. Kachedwa kanajompha. Kanajomphanso. Kanamwa madzi.

Tsiku lachiwiri, Flossie anakoka ulusi wina. Anamanga. Zala ziwiri, osapitirira, osachepera. Kachedwa kanaima mu kapu. Pa chiguduli kanagwa.

Tsiku lachitatu, Flossie anakokanso ulusi. Anamanga. Zala ziwiri, osapitirira, osachepera. Kachedwa kanaima pa chiguduli! Kanadumpha kamodzi. Kanadumpha kawiri. Kenaka kanagwa.

Pamwamba pa chipewa panabooka. Mphepo inkalowa. Mutu unkazizira kuti zii. Popita kusukulu, anzake ankaseka.

"Flossie, chipewa chako chadyedwa ndi makoswe!"

Flossie anangopitiriza ulendo. Koma mumtima ankaopa. Amayi akaona anena chiyani? Akakhala pafupi ndi amayi, ankaika dzanja pamutu.

Tsiku lachinayi, Flossie anapupuluma. Anamasula ulusi, osamanganso.

"Yenda, Kachedwa! Yenda!"

Kachedwa kanaponda kamodzi. Mwendo wina unayamba kupita uku. Wina unayamba kupita uko. Khu! Kanagwa.

Flossie anathamangira kwa amalume akulira. "Zakanika, amalume! Kagwanso!"

Amalume anamuonetsa kamtengo ka pichesi. "Aka ndinakamanga sabata yatha. Ndikamasula lero, kanthambi kagwa. Kakadali kugwira. Nayonso miyendo ikadali kugwira. Kamangenso, Naphiri."

Flossie anapukuta misozi. Anabwerera. Anakokanso ulusi. Bowo linakula. Anamanga. Zala ziwiri, osapitirira, osachepera.

Tsiku lachisanu anamanga. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anamanga. Masana aliwonse ankapita nako kwa Namawanga.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linali Loweruka. Amalume anabwera okha. Amayi anatuluka m'nyumba. Dzuwa linali litatentha. Namawanga ankapalasa pansi pa nkhokwe ndi ana ake.

"Masula tsopano," anatero amalume.

Flossie anagwada. Anamasula mwendo wina. Anamasula mwendo winawo. Anaika Kachedwa pansi.

Kachedwa kanaima njii. Miyendo inali pansi pa thupi. Mwendo wina sunapite uku. Wina sunapite uko.

Kanaponda kamodzi. Kanaponda kawiri. Kanaponda katatu.

"Ko, ko, ko!" anaitana Namawanga.

"Piyo! Piyo!" kanayankha Kachedwa. Basi liwiro! Kanathamanga mpaka pansi pa nkhokwe. Namawanga anatambasula phiko. Kachedwa kanalowa.

"Kathamanga! Amayi, kathamanga!" anafuula Flossie.

Anadumpha. Anavina. Anaomba m'manja. Anaiwala zoika dzanja pamutu. Tsitsi linali pamtunda, litatulukira pabowo.

Flossie anaima. Anavula chipewa. Anagwada pafupi ndi amayi.

"Amayi, pepani. Ndinaphwasula chipewa chija. Ndinkamangira Kachedwa."

Amayi anaseka. "Iwe, ukuyesa sindinaone? Ndinaona tsiku loyamba lomwe. Mwana angamayende dzanja lili pamutu sabata yonse?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ulusiwo unali pa ntchito," anatero amayi. "Ndimadikira umalize."

Amayi analowa m'nyumba. Anabwera ndi singano zolukira. Ulusi wofiira unali utatha. Unalipo wachikasu wokha.

"Palibe kanthu," anatero Flossie. "Ndi mtundu wa Kachedwa."

Amayi anakhala pakhonde n'kuyamba kuluka. Amalume anakhala pampando. Flossie anakhala pakati pawo. Anagwira chala chachikulu cha amalume.

"Amalume, mwakachiritsa."

"Ine ndinamanga tsiku limodzi," anatero amalume. "Masiku enawo anamanga ndani?"

Flossie anamwetulira. Amayi anatseka bowo lija. Anamuveka chipewa. Mutu unafunda.

Lolemba Flossie anapita kusukulu. Chipewa chinali chofiira, pamwamba pachikasu.

"Flossie, chachikasucho n'chiyani?" anafunsa anzake.

"Bwerani kwathu masana," anatero Flossie. "Mudzaone mmene kamathamangira."